Gawo Lachinayi la Ndakatulo ya Bambo

Sindidziwa bwinobwino kuti ndinayenda nthawi yaitali bwanji. Amayi amati sichinakwane n'komwe chaka. Ine ndikamakumbuka ndimaona ngati zinali zaka zambiri, chifukwa m'midzi ina ndinkafika mvula ikugwa n'kuchokamo mvula yomweyo isanakate, pamene kwina ndinkangotsinzina pansi pa mtengo n'kudzuka chimanga chitauma. Ndine munthu wamanyazi, ndipo nkhaniyi sindinaiuzepo aliyense ndi pakamwa. N'chifukwa chake ndikuilemba.

Bambo anga, a Biliati, anali mkamwini. Kwawo kunali kutali, kuseri kwa mapiri, ndipo anabwera kumudzi kwa amayi ndi khasu, jekete limodzi, ndi ndakatulo yakale ya kwawo imene ankaitcha Mawu a Chaka. Sinali yolembedwa. Inali ya anthu awiri: wina amaponya mzere, wina n'kuvomera ndi mzere wake, mawuwo akuyendera limodzi ndi ntchito ya nyengo imeneyo. Kwathu kunalibe woidziwa, choncho bambo ankadziponyera okha n'kudzivomera okha, khasu likamakwera mzere woyamba, likamatsika wachiwiri. Anthu ankaseka kuti mkamwini uja amacheza ndi nthaka.

Ndili Folomu 4, aphunzitsi athu a Chichewa, a Matewere, anati aliyense akafunse ndakatulo yakale kwa akuluakulu, ailembe bwino. Kulemba bwino kwa iwo kunali ndime za mizere inayiinayi, popanda kubwerezabwereza, mawu akumapeto omveka mofanana. Loweruka lina ndinakhala ndi bambo pakhonde. Ananena magawo atatu, la chilimwe, la dzinja ndi la masika, ine ndikulemba kuseri kwa kalendala yakale. Kenako ndinayamba kukonza. Ndinadula zobwereza zonse, woponya ndi wovomera ndinawasandutsa munthu mmodzi, mawu ena ndinawasintha kuti agwirizane kumapeto. Nditakopera m'kope, pepala la kalendala lija ndinakolezera moto.

A Matewere anandichongera ndi cholembera chofiira, nandisankha kuti ndikalakatule pa tsiku lotsekera sukulu. Ndinaloweza kwa milungu itatu. Bambo anabwera atavala jekete lawo lija, anakhala kutsogolo, ndipo anaomba m'manja kuposa wina aliyense.

Pobwerera kunyumba anati, "Yabwino, mwana wanga. Yosalala ngati sopo watsopano. Kodi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, ababa."

Anaseka. Kenako anaona kuti ine sindikuseka.

"Oo," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo ankalima chete, ndipo ine, chifukwa cha manyazi angawa, sindinapepese. Ndinkati ndipepesa mawa.

Nthawi yogalauza itafika, bambo anagwa m'munda. Mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu anawathera. Maso ankaona zonse, koma pakamwa pankangotuluka mpweya. Adokotala a pachipatala chaching'ono anatiuza kuti nthawi zina anthu otere amatha kunena nyimbo kapena pemphero limene analoweza ali ana, wina akawayambira. Amayi anayesa mapemphero a kutchalitchi, koma bambo analowa mpingo atakula kale. Ine ndinagwada pafupi ndi mphasa n'kuyamba ndakatulo ya m'kope langa. Ndisanamalize ndime yoyamba, anatembenukira kukhoma.

Ndinayesa kukumbuka Mawu a Chaka enieni aja, koma sindinawapeze. Amene ndinaloweza kusukulu anali atamera pamwamba pake ngati kaufiti m'munda wa chimanga. Ndinkafuna kumvanso mawu a bambo anga, ngakhale mzere umodzi wokha. Choncho ndinauza amayi kuti ndikupita kukafuna anthu a kwawo kwa bambo. Amayi anandikazingira mtedza, nati, "Usakachedwe. Munthu wogona pamphasa sadikira ngati woyenda."

Mudzi woyamba unali m'mbali mwa mtsinje wouma. Kunalibe mthunzi, ndipo paliponse panali njerwa zoyanikidwa, mizere yake yaitali mpaka kosaoneka. Bambo wina wamfupi, matope mpaka m'maondo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwana wa yani iwe?"

"Wa a Biliati, amene anakakwatira kuseri kwa mapiri."

"Biliati wa makutu aja? Amene ankaopa atsekwe?" Anaseka mpaka kutsokomola. Dzina lawo linali a Jekapu, ndipo anakulira limodzi ndi bambo. Nditawafotokozera, kuseka kunatha. Ndinatulutsa kope ndi cholembera.

"Chimenecho n'cha chiyani? Ika uko. Vula nsapato."

"Ndimati ndizilemba mukamanena."

"Ine sindinena ndili chiimire. Lowa m'dzenjemo, asukulu. Matope saluma."

Ndinaponda dothi ndi mapazi mpaka linafewa, ndinaphunzira kuviika chikombole m'madzi ndi kuponyamo dothi mwamphamvu kuti lifike m'makona. A Jekapu ankaponya mzere pamene akutapa dothi, ine ndinkavomera pamene ndikukhuthula njerwa pansi.

*Nthaka yauma, yatseka pakamwa.*
*Igogode, mwini wake ali m'kati.*
*Dzuwa lakhala pamsana panga.*
*Libereke, ndi mwana wa eni.*

Mizere iwiri yoyambayo inkabwera kanayi tisanapitirire kwina. Tsiku lina ndinalumpha zobwerezazo kuti tifike msanga kutsogolo, ndipo ndinapezeka ndikupuma wefuwefu, njerwa zanga zitapindika ngati mikate.

"Waona?" anatero a Jekapu. "Pobwereza paja ndi pamene munthu amapumira. Iwe unati ukudula mawu, koma unadula mapapo."

Ndinakhala kumeneko mpaka zikhadabo zanga zinasanduka zofiira. Iwo ankadziwa gawo la chilimwe lokha. Mitambo itayamba kuda, anandilozera njira ya kudambo.

Mudzi wachiwiri unali pakati pa madzi. Nyumba zake zinkaoneka ziwiriziwiri, ina m'mwamba ina m'madzi, ndipo achule sankaleka kulira ngakhale masana. Mayi wina wamtali anaweramuka m'munda wa mpunga, mbande zili m'manja.

"Mwana wa yani iwe?"

"Wa a Biliati."

"Ii! Mwana wa mwamuna wanga!" anakuwa, azimayi onse n'kuseka. Anali a Nankhoma, msuweni wa bambo, ndipo asuweni amatchulana choncho. "Anandithawa ameneyo, ati kuseri kwa mapiri kuli akazi oyera mano. Ali bwanji wakubayo?"

Ndinawauza. Anakhala kanthawi akuyang'ana mbande zawo zija. Kenako anandigawira theka.

"Kwinya chitenje. Powokera timabwerera chambuyo, osayang'ana kumene ukupita."

Ndinaphunzira kutenga mbande zitatu ndi kuzibaya m'matope ndi zala, osati mozama kwambiri. Azimayi ankaima mzere umodzi, a Nankhoma akuponya, tonse tikuvomera tikawerama.

*Mvula yabwera yopanda odi.*
*Ipatse mpando, usaifunse kwawo.*
*Ndakwirira mbewu, ndatsala manja okha.*
*Wam'mwamba waona pamene waika.*

Lamulungu a Nankhoma ankavala bulauzi yoyera n'kumatsogolera nyimbo m'tchalitchi cha udzu. Ndinawafunsa mwamanyazi ngati Mawu a Chaka sali achikunja, chifukwa kusukulu mnzanga wina anatero.

"Iwe mwana, amene amagwetsa mvula Lachiwiri ndi wina, wa Lamulungu ndi wina? Agogo ako ankamuitana asanaone belu. Tsopano belu lilipo, tikumuitanabe."

Kumeneko n'kumene ndinataya kope langa. Linagwa m'thumba ndikudumpha ngalande, ndipo nditalivuula inki yonse inali itasungunuka, masamba atagwirana ngati phala. Ndinalira. A Nankhoma analitenga n'kutsekera pamene madzi ankathawira m'munda.

"Lapeza ntchito," anatero.

Malo achitatu anali tauni ya msewu umodzi. Magalimoto akuluakulu ankadutsa osaima, ndipo fumbi lake silinkatera pansi. Mbali ina ya msewu kunali bambo woluka nkhokwe za nsungwi, a Tebulo. Iwo sanandifunse kuti ndine mwana wa yani. Anangoyang'ana makutu anga, nati, "Biliati."

Anandiphunzitsa kung'amba nsungwi popanda kudzicheka, ndi kuluka mozungulira, ine ndili m'kati mwa nkhokwe iwo ali kunja. Koma za gawo la masika anapukusa mutu.

"Ine ndimadziwa kuvomera kokha. Woponya wanga ndi uyo." Analoza ndi mlomo kutsidya kwa msewu, kumene mayi wonenepa ankagulitsa tomato. Anali a Esinati, akazi awo, koma anali atasiyana kalekale ndipo sankalankhulana.

Ndinaoloka msewu. A Esinati anandimvetsera akupanga timilu ta tomato.

"Wakutuma ndi nkhalamba yonunkha fodyayo? Ukaiuze kuti ndikadali moyo. Tenga mzere uwu upite nawo: *Nkhokwe yadzaza, mtima ukuchepa.*"

Ndinaolokanso. A Tebulo anavomera asanaganize n'komwe: "*Tapa ya mlendo usanatape yako.* Ukamuuze kuti tomato wakeyo ndi wowola."

Masiku ambiri ndinkangooloka msewuwo, mzere umodzi m'kamwa, chipongwe chimodzi pamwamba pake. Tsiku lina ndinapunthwa pakati pa msewu, ndipo a Esinati anatopa nazo. Anaimirira n'kuponya mzere mokuwa. A Tebulo anavomera ali kutsidya, nsungwi ili m'manja. Ananena gawo lonse choncho, galimoto ikadutsa n'kudikira, ndipo atamaliza aliyense anabwerera ku ntchito yake osayang'ana mnzake. Ndinaona a Esinati akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Fumbi," anatero. "Tsopano wapeza magawo angati?"

"Onse atatu, amayi. Mawa ndibwerera kwathu."

"Atatu? Chaka cha kwanuko chilibe chisanu?"

"Khala chete, mkazi iwe!" anakuwa a Tebulo. Aka kanali koyamba kuwalankhula maso ndi maso.

Koma ndinali nditamva kale. Bambo anandiuza magawo atatu, ndipo ine ndi sukulu yanga yonse sindinawerenge n'komwe nyengo. Ndinafunsa kumene ndingapeze lachinayi. A Esinati anati, "Kumudzi kwa bambo ako kwenikweni. Ukafunse adzukulu."

Mudzi wa bambo unali pamwamba pa phiri, ndipo ndinafika mphepo ya mwera itayamba. Nyumba zambiri zinalibe madenga. Anthu anasamuka, ankangobwerera kudzaika maliro, kotero njira ya kumanda inali yolambulidwa bwino kuposa ya kuchitsime. Mkulu wa adzukulu okumba manda anali a Layisoni, wowonda, wolankhula motsitsa.

"Mwana wa yani iwe?"

Ndinawauza, ndi zonse za bambo.

"Akupumabe?"

"Akupuma."

"Ndiye gawo limeneli si lako panopa. Bwerera."

Sindinabwerere. Ndinkawatungira madzi ndi kuwatsukira makasu. Sanandiphunzitse kanthu. Koma tsiku lina kunabwera maliro a bambo wina wochokera kutauni, ndipo ine ndinaima kumbuyo kwa azimayi. Bokosi litatsitsidwa, palibe anagwira fosholo. Onse anaima chilili, manja ali pansi. Mwana wamkazi wa malemuyo anafika pamphepete pa dzenje n'kuponya mzere, ndipo khamu lonse linavomera m'malo mwa womwalirayo, pang'onopang'ono, ngati munthu mmodzi wotopa. Gawo ili linalibe ntchito yoyendera nayo. Linkayendera mpweya basi. Ndinalimva kamodzi kokha, ndipo linakhazikika mwa ine lonse.

Anthu atabalalika, a Layisoni anandipeza ndikugwedeza milomo.

"Walitola," anatero. "Mvera, mdzukulu wanga. Mwana ndiye amaponya, anthu ndiwo amavomera, chifukwa mwini wake savomeranso. Silinenedwa kwa munthu wamoyo. Ukalinena kwa wamoyo, wamutsegulira njira."

"Kusukulu anatiuza kuti mawu sapha munthu."

"Kapena n'zoona. Ine sindinapiteko. Ndikungokuuza mmene timachitira kuno."

Ndinabwerera kwathu kudzera njira yomweyo, koma midzi ija sindinaionenso. Pamene panali tauni panali msewu wokha, dambo linali litauma, ndipo mtsinje wouma uja unali ndi madzi pang'ono.

Ndinafika m'mawa, chisanu chikadalipo. Bambo anali pakhonde atafunda bulangeti, akuothera dzuwa. Anali atawonda mpaka makutu awo aja anaoneka ngati a munthu wina. Amayi anandigwira mapewa, nati, "Wada bwanji iwe," kenako anayamba kulira.

Ndinagwada patsogolo pa bambo.

"*Nthaka yauma, yatseka pakamwa,*" ndinatero.

Maso awo anatseguka kwambiri. Milomo inagwedera. Dzanja lamanzere, lamoyo lija, linayamba kufufuza pansi, ndipo ndinazindikira kuti likufuna khasu. Ndinathamanga kukalitenga. Analigwira, nayesa kulikweza, koma linangokhula pansi. Mawu anali pafupi, ndinkawaona pakhosi pawo, koma ankadikira khasu litsike, ndipo khasu silinakwere.

Ndinayesa gawo la dzinja. Anayesa kuwerama, amayi anawagwira kuti asagwe. Ndinayesa la masika, ndinawaikira chitsononkho m'dzanja, zala zinalephera kuchizungulira. Tinayesa mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Misozi inkatsika mbali imodzi ya nkhope yawo.

Ndinati, "Ababa, pepani. Ndinaononga ndakatulo yanu."

Sindikudziwa ngati anamva. Anakweza dzanja lamanzere n'kuika zala zinayi pabondo langa.

Amayi anaona. Iwo analimvapo gawo lachinayilo kamodzi, pa maliro a apongozi awo, ndipo sanaiwale kuti ndi la chiyani.

"Usayerekeze," anatero. "Unakafika mpaka kumanda? Iwe mwana, usayerekeze pakhomo panga pano!"

"Amayi, ndi lokhali losafuna khasu."

"Ndasamala munthu uyu ndekha, ndikumutembenuza, ndikumumwetsa phala ndi sipuni, iwe uli kumayenda. Lero wabwera kudzamuperekeza?"

Ndinayang'ana pansi. Zala zinayi zija zinakanikiza bondo langa, zinasiya, zinakanikizanso. Ndinayang'ana bambo, ndipo iwo sanaphethire.

Ndinaponya mzere woyamba.

"*Ababa, kwazizira, mukupita opanda chofunda?*"

Amayi anatseka makutu ndi manja awiri n'kuthamangira kudimba. Ndinamva mapazi awo mpaka anazimiririka. Bambo anakoka mpweya wautali.

"*Nthaka ndaidziwa, indifunditsa.*"

Anali mawu awo. Okhuthala, olemera mbali imodzi, koma awo enieni.

"*Khasu lanu timpatse yani?*"

"*Amene alipeze m'mawa.*"

"*Mkwiyo mwatenga kapena mwausiya?*"

Apa yankho linachedwa, ndipo ndinaganiza kuti mawu athanso. Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"*Ndautaya panjira, usakautole.*"

Mpaka lero sindidziwa ngati ankayankha ine kapena ankangovomera ndakatulo, chifukwa mzerewo ndi womwewo umene khamu lija linanena kwa mwana wa munthu wina. Ndinafuna kuima pomwepo kuti ndiwafunse, koma zala zija zinakanikizanso.

"*Titseke chitseko?*"

"*Tsekani, ndafika.*"

Atatero anayesa kuwonjezera mawu ena, awoawo, osakhala a m'ndakatulo. Pakamwa panatseguka, panatuluka mpweya wokha. Anatsamira kukhoma n'kutsinzina, dzanja likadali pabondo langa.

Anakhala masiku khumi ndi anayi, ndipo sanalankhulenso. Anamwalira masana, chisanu chisanathe. Ena kumudzi amati ndinawatsegulira njira, ena amati anali kale panjira. Amayi sananene chilichonse mwa ziwirizi. Sanandilankhule n'komwe, pa maliro ngakhale titameta.

Patapita milungu, tinakhala awiri pabwalo tikusenda nandolo. Dengu linali pakati pathu. Amayi analankhula osadzutsa mutu.

"Mawu awo anali akadali aja?"

"Anali aja, amayi."

"Aja omveka ngati akukalipa pamene akuseka?"

"Eee."

Anasenda nandolo zingapo. Zina zinagwera kunja kwa dengu, sanazitole.

"Nanga za ine ananenapo?"

Ndikanatha kunama. Ndinaganizadi zonama, ndipo bodza lake linali litafika kale palilime.

"M'ndakatulomo mulibe maina, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kukhonde, kenako m'manja mwawo.

"Ndikanakhala pompaja, osathawa," anatero.